Kambalame Kotsata Linthumbu

 Lero ndili ndi ngongole yoti ndibweze, ndipo mwini ngongoleyo ali ku Dzivarasekwa. Ndikupemphani nonse kuti mukhale mboni pamene ndikuibweza.

Dzivarasekwa ali kumadzulo kwa mzinda wa Harare. Boma la atsamunda linamanga malo amenewa kuti kuzikhala anthu ogwira ntchito m'nyumba za azungu, monga za ku Mabelreign ndi ku Marlborough: ophika, ochapa zovala, osamala maluwa. Ambiri mwa iwo anali ochokera kwathu, dziko likadatchedwa Nyasaland. Ena anayenda pansi masabata ambiri kudzera ku Tete, ena anakwera malole a Ulere, ena analembedwa ntchito ndi Mthandizi. Ana awo ndi zidzukulu zawo lero amalankhula Chishona, koma mukaima pakhomo ndi kunena kuti "Odi!", nkhalamba ya m'nyumbamo imayankha m'chinenero cha amayi ake.

Ndinafikako mwezi wa Disembala, mvula itayamba. Titaweruka ku msonkhano, mkulu wina wa kwathu, wa zaka zoyandikira 90, anandiitanira kunyumba kwake. Iye anachoka ku Thyolo ali mnyamata, m'masiku a Chitaganya chija cha 1953 mpaka 1963, nagwira ntchito yophika kufikira mphamvu zitamuthera. Kumudzi anabwererako kamodzi kokha. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba. Tili pakati pocheza, kambalame kofiira, ka mchira wautali ngati lamba, kanatuluka m'masamba, n'kuwakha ntchentche m'malere, n'kubwerera pa nthambi yomwe kanachokera. Mkuluyo anakatsata ndi maso, nakhala chete kanthawi.

"Abusa," anatero, "mwati mumadutsa ku Thyolo. Kodi phiri lija lilipo?"

Ine ndinati, "Lilipo, agogo."

"Nanga kambalame kaja kotsata linthumbu?"

Ndinawafunsa kuti akunena kambalame kati. Iwo anati: "Tili ana tinkakwera m'phirimo kukatola nkhuni ndi kukazula bowa. M'katimo munali mdima masanasana. Ukapeza linthumbu likuyenda, umangoima pambali, ndipo kamabwera. Sikaopa. Kamatera pa kamtengo, n'kudumphira pansi, n'kutola kanthu, n'kubwerera. Pakhosi pake poyera. Ife tinkaiwala ndi legeni yomwe."

Abale anga, ine ndinadziwa chimene chinachitikira nkhalango ya m'phiri la Thyolo, pakuti ndinadziwonera ndi maso anga. Koma nditayang'ana nkhope ya nkhalambayo, ndinangoti, "Mbalame kumudzi n'zambiri, agogo," ndipo ndinatembenuza nkhani. M'mawu sindinaname. Phiri lilipodi, mbalame n'zambiridi. Koma ulendo wonse wa pa basi, kuchoka ku Harare, kudutsa ku Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete, kufika ku Zobue ndi ku Mwanza, mtima unali kunditsutsa. Munthu wandifunsa funso limene walisunga zaka zoposa 60, ine ndamuyankha monga timayankhira mwana. Nditafika kwathu ndinafunafuna za kambalameka. Tsono agogo, ngati wailesi ili pafupi, kapena ngati mdzukulu akukuwerengerani pepala ili, nali yankho lanu lonse.

Kambalame kamene munkakaona, m'mabuku a akatswiri kamatchedwa Thyolo alethe. Kanatenga dzina la kwanu. Katswiri wa mbalame wa ku Britain, William Lutley Sclater, ndiye anakalemba m'mabuku a sayansi mu 1927, ndipo popeza azungu ankalemba Cholo m'malo mwa Thyolo, dzina lake la Chilatini limathera ndi liwu lakuti choloensis, ndiko kunena kuti "ka ku Cholo". Liwu linalo, lakuti alethe, ife amene tinatuluka thukuta ndi Chigiriki ku sukulu ya zaubusa tikalimva timakumbuka liwu la Chigiriki lotanthauza choonadi. Ndinachita manyazi nditaona zimenezi, pakuti ndi pa kambalame komweka pamene ine ndinazemba kunena zoona.

Msinkhu wake ndi ngati wa pumbwa. Msana wake ndi wofiirira ngati dothi la katondo louma, kumaso n'kotuwa, pakhosi n'poyera monga munanenera, ndipo nthenga za m'mbali mwa mchira zili ndi nsonga zoyera zimene zimaoneka kakamauluka. Miyendo ndi yoyezuka, yaitali, yoyenera mbalame yokhalira pansi. Si mbalame yonyada. Sikwera pamwamba pa mitengo kukadzionetsa, ndipo nyimbo yake ndi mluzu wofewa, wa mawu owerengeka, umene munthu wosadziwa angaudutse osaumva. Chisa chake kamamanga ndi ndere zobiriwira pa mphanda ya mtengo, ndipo kamaswa nyengo ya mvula, pamene tizilombo tachuluka.

Pa dziko lonse lapansi kambalameka sikapezeka kwina kulikonse koma m'mapiri owerengeka a kummwera kwa Malawi, kummawa kwa mtsinje wa Shire, monga Thyolo, Mulanje, Zomba, Chikala ndi Namizimu, ndi m'mapiri ena a kumpoto kwa Mozambique, monga Namuli, Mabu ndi Chiperone. Dzina lomalizali mukulidziwa. Kamvula kozizira kaja, ka nkhungu, kamene kamagwa mu Juni ndi Julaye, kamene timati chiperoni, kanatenga dzina ku phiri limenelo. Ndipo chiperoniyo ndiye amanyowetsa nkhalango za m'mapiriwa pamene dziko lonse la kumunsi lauma. Mitengo yake siyoyola masamba onse nthawi imodzi monga imachitira mitengo ya m'tchire. Mthunzi umakhalapo chaka chonse, ndipo pansi pamakhala mphasa ya masamba owola, yonyowa, yodzaza ndi zamoyo.

Tsono tiyeni tikambe za linthumbu, pakuti popanda ilo simungakamvetse kambalameka.

Palibe mwa ife amene amalikonda. Ndani sanadzukepo pakati pa usiku, ana akulira, nyumba yonse yalowedwa? Ndani sanawazepo phulusa lamoto kuzungulira khola la nkhuku? Mlaliki aliyense wa kumudzi ali ndi nkhani yake ya tsiku limene anaima pa mzere wa linthumbu osadziwa, ndipo yanga sindikuuzani. Koma taonani mmene zinthu zimenezi zimakhalira. Linthumbu lilibe maso. Limayenda potsata fungo limene anzake asiya. Banja limodzi limakhala ndi mamiliyoni angapo, ndipo mayi wawo ndi mmodzi. Chisa chawo chimakhala pansi pa nthaka, kawirikawiri m'mizu ya mtengo, ndipo chakudya chikachepa m'deralo amasamuka onse, atanyamula mazira ndi ana. Potuluka kukasaka, amayamba ndi mzere wopapatiza, asilikali a mitu ikuluikulu ataima m'mbali, koma kutsogolo mzerewo umamwazikana n'kukhala ngati madzi osefukira, mamita angapo m'lifupi. Amalowa pansi pa tsamba lililonse, m'khungwa lililonse, m'dzenje lililonse.

Nanga zamoyo zobisala m'masambamo zichite chiyani? Akangaude, mphemvu za m'tchire, zikumbu, ziwala, mbozi, zonse zimatuluka kuthawa. Tsiku lina lililonse tizilombo timeneti mbalame singatione, chifukwa tili pansi pa masamba ndipo khungu lake likufanana ndi masambawo. Koma linthumbu likafika, tonse tili poyera, tikuthamanga. Apa ndi pamene kambalame kanu, agogo, kamatera pa kamtengo kotalika ngati kufika m'bondo, kutsogolo kwa khamulo. Kamayang'ana. Kakaona kangaude akuthawa, kamadumpha, n'kutola, n'kubwerera msangamsanga linthumbu lisanakwere m'miyendo. Khamulo likasuntha, nako kamasuntha. Chimene kakufuna kwenikweni si linthumbulo ayi, koma zimene linthumbu lavumbulula. Nthawi zina pa khamu limodzi pamasonkhana mbalame zingapo, ndipo pamakhala kukankhana, yamphamvu kutenga malo abwino a kutsogolo, yaing'ono kudikira m'mbali.

Akatswiri awiri, Françoise Dowsett-Lemaire ndi Robert Dowsett, anayenda m'nkhalango za m'mapiri a Malawi zaka zambiri, ndipo mu 2006 anatulutsa buku lalikulu la mbalame za dziko lathu. Ofufuza oterewa anaona kuti mbalame za mtundu uwu zikafuna kuswa zimakonda kukhazikika m'dera limene muli chisa cha linthumbu. N'zomveka. Ana ali m'chisa amafuna chakudya kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo kholo limene lili ndi linthumbu pafupi lili ngati munthu amene nkhokwe ili pakhomo.

Tamverani bwino tsono, pakuti apa ndi pamene pagona nkhani. Kambalameka kamadalira linthumbu. Linthumbu la m'nkhalango limadalira chinyontho, chifukwa dzuwa likaliwomba pa nthaka youma limafa. N'chifukwa chake mumaliona likudzimangira tinjira tofoleredwa ndi dothi podutsa pa mtetete. Chinyonthocho chimadalira mthunzi, ndipo mthunzi umadalira mitengo ikuluikulu yogundana nthambi kumwamba. Munthu akadula mitengo isanu pakati pa nkhalango, amati wangotengako pang'ono, yambiri yatsala. Koma dzuwa lalowa, mphepo yalowa, masamba a pansi auma, moto wa m'chilimwe wapeza njira. Banja la linthumbu limafuna dera lalikulu losakamo, ndipo kachidutswa ka nkhalango kakachepa kwambiri sikangalidyetse. Kotero kambalameka kamatha mtengo womaliza usanagwe. Munthu wodutsa pamsewu amaona phiri likadali ndi mitengo apo ndi apo, osadziwa kuti m'katimo mwakhala kale zii.

Agogo, nazi zimene ndinakubisirani. Phiri la Ndirande ku Blantyre linali ndi nkhalango pamwamba pake, ndipo kambalameka kankakhalamo. Nkhalangoyo inatha m'zaka za m'ma 1990. Ya pa Soche inatsala pang'ono chabe. Ku Mulanje, nkhalango yaikulu ya Chisongeli inagwetsedwa mbali yaikulu. Ndipo ya kwanu, ya m'phiri la Thyolo, imene munkatolamo nkhuni, pofika zaka zoyambirira za m'ma 2000 inali itatha pafupifupi yonse. Pamene panali mdima masana lero pali chimanga, chinangwa ndi nthochi mpaka kumtunda. Chotsala ndi kachigawo ka m'dera la esiteti ya tiyi ya Satemwa. Lero kambalame ka dzina la Thyolo kali pa mndandanda wa mbalame zimene zili pa ngozi yoti zingathe pa dziko lapansi.

Pano wina ali kale ndi mwala m'manja kuti agende anthu a ku Thyolo. Dikirani pang'ono. Thyolo ndi limodzi mwa maboma odzaza anthu kwambiri m'Malawi, ndipo nthaka yabwino yambiri inakhala minda ya tiyi kuyambira nthawi ya atsamunda. Makolo a anthu amenewa anagwira thangata pa nthaka imene ankagonapo. Kodi inu agogo munachokeranji kumudzi muli mnyamata? Si msonkho? Si kusowa kwa malo olima? Chimene chinakutumizani inu ku Harare ndi chomwecho chimene chinatumiza ana a alongo anu kumtunda kwa phiri ndi nkhwangwa. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mayi wa ana asanu, wopanda munda, simungamuuze za kambalame. Komabe ndinene izi mosabisa: si onse anakwera phiri chifukwa cha njala. Ena anakwera ndi macheka chifukwa cha ndalama za matabwa, ndipo ena amene anali ndi udindo woletsa anayang'ana kumbali. Ndipo munda wa pa malo otsetsereka chotero umapatsa zaka zochepa, kenaka dothi limapita ndi madzi, mwini wake n'kutsala wopanda munda ndiponso wopanda nkhalango. Ife a m'tauni tisadzichotsemo. Makala amene amaphikira nsima yanga sachokera kumwamba. Ngakhale ku Dzivarasekwa, magetsi akazima, nkhuni za msasa zogulitsidwa m'mbali mwa msewu zimachokera ku tchire la munthu wina.

Mwina mufunsa kuti, "Nanga mbalame si ili ndi mapiko? Bwanji osasamukira kwina?" Funso limeneli n'loyenera kuchokera kwa inu amene munasamuka. Kumbukirani kambalame ka mchira wautali kamene tinakaona mu mtengo wanu wa mango. Azungu amakatcha paradise flycatcher. Kamenekotu ndi kapaulendo ngati inu. Kamafika ku Harare cha mu Seputembala ndi Okutobala, kamamanga kachisa kozungulira ngati kachikho komangidwa ndi ulusi wa kangaude, kamaswa, ndipo mvula ikamatha cha mu Malichi ndi Epulo kamanyamuka kupita ku madera ofunda. Kamawoloka malire popanda chiphaso. Kamadya tizilombo touluka, ndipo tizilombo touluka tili paliponse: m'nkhalango, m'mphepete mwa mtsinje, mu mtengo wa mango wa m'lokeshoni. Mukakapatsa mthunzi pang'ono, kakhala.

Ka ku Thyolo sikatero. Ulendo wake wonse ndi kutsika pang'ono m'phiri nyengo yozizira ndi kukweranso nyengo yoswa, ndipo potero kamafuna kuti pakhale nkhalango kuyambira kumtunda mpaka kumunsi. Ndi mbalame ya mumdima wa pansi pa mitengo. Minda ya tiyi, minda ya chimanga ndi midzi, kwa iko zili ngati nyanja, ndipo phiri lililonse ndi chilumba. Kuchoka ku Thyolo kuyang'ana kummawa mumaliona phiri la Mulanje bwinobwino, koma pakati ponsepo palibe mthunzi wolumikizana, palibe linthumbu loti kalitsate. Munthu amatha kutchona, n'kuphunzira chinenero china, n'kudya sadza m'malo mwa nsima, n'kukalamba ku dziko la eni. Kambalame aka sikangatchone. Nkhalango yake ikatha, nako katha pamalopo.

Ndipo si mbalame yokha imene imadalira mizu ya mitengo ya m'phiri. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa mvula yoopsa masiku angapo kummwera kwa Malawi. Napolo anatsika m'phiri la Soche usiku n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. Anatsikanso ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Chiradzulu. Akufa ndi osowa m'dziko lonse anaposa 1,000. Ndamvapo ena akulalikira kuti chinali chilango, ndipo ine sindili nawo pamenepo. Amene anafa anali osauka omanga pamene anapeza malo, ana ali m'tulo. Mvula ija inali yoti ngakhale phiri la mitengo likanagumuka malo ena. Koma phiri lometedwa silisunga madzi, ndipo dothi lopanda mizu silichedwa kutsetsereka. Mapiri amene kambalameka kanasowamo ndi ena mwa mapiri omwewo amene anatilirisa.

Sindikusiyani ndi maliro okhaokha, agogo, chifukwa choonadi chili ndi mbali inanso. Ku Mozambique, m'chigawo cha Zambezia, kummawa kwa Mulanje, kuli phiri la Mabu. Anthu a kumeneko ankalidziwa kuyambira kale, ena anabisalamo nthawi ya nkhondo ya pachiweniweni imene inatha mu 1992, koma akatswiri a sayansi sankadziwa chimene chinali m'menemo. Mu 2005 katswiri wina, Julian Bayliss, amene ankagwira ntchito ku Mulanje, anaona banga lalikulu lobiriwira pa zithunzi za Google Earth. Mu 2008 gulu la akatswiri, mothandizidwa ndi a Kew Gardens a ku London, linakalowamo. Anapeza nkhalango ya mahekitala pafupifupi 7,000, yaikulu kuposa ina iliyonse ya mtundu wake kummwera kwa Africa kuno. Ndipo m'menemo kambalame kanu kalimo kambiri. Mulinso kambalame kena kotsata linthumbu, kotchedwa Swynnerton's robin, kamene inu a ku Zimbabwe muli nako m'nkhalango ya Chirinda, kufupi ndi Chipinge. Kotero dzina ndi la Thyolo, koma mudzi wake waukulu lero uli kutsidya kwa malire, monga mmene zilili ndi mbumba yanu.

Ku Malawi nako sikanatheretu. Munandiuza kuti mdzukulu wanu wina amakwera basi ya ku Blantyre kawirikawiri. Mumuuze kuti ulendo wina adzapatule masiku awiri. Apite ku Thyolo, akapemphe chilolezo cholowa m'kachigawo ka nkhalango kotsala ku Satemwa. Kapena apitirire ku Mulanje, ku chigwa cha mtsinje wa Ruo, kumene mitengo ikuluikulu ikadalipo. Alawire m'mamawa, mame asanaume. Asayang'ane kumwamba monga amachitira ofuna mbalame zina. Ayang'ane pansi, afunefune mzere wa linthumbu, autsate mpaka pamene wamwazikana. Alowetse miyendo ya buluku m'masokosi. Akatero aime pambali monga munkachitira inu, asalankhule, asagwedeze tchire, adikire. Akaona kofiirira, ka pakhosi poyera, katatera pa kamtengo kofika m'bondo, ajambule ndi foni yake, adzakuonetseni pansi pa mtengo wa mango uja.